Manati a Kumanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu tsiku limene tinasamuka m'nyumba ya ku mgodi. Bambo anagwira ntchito yokonza makina kumeneko kuyambira ndisanabadwe, koma maso atayamba kufa anawapumitsa, ndipo nyumbayo inali ya kampani. Amalume anga a Fulaye anabwereka lole yakale kuti atiperekeze ku Chiwaridzo, dera la m'tauni ya Bindura, kumene mayi anapeza zipinda ziwiri. Tinapakira zonse: matiresi, kabati, matumba atatu a chimanga. Bambo nawo tinawakweza ngati katundu, chipewa chili pamaondo. Masiku amenewo ankangokhala duu, ndipo kunena zoona, ine ndinali nditayamba kuwaiwala ali pomwepo.

Tisanalowe m'tauni ya Bindura, tayala lakumbuyo, mbali ya kumanzere, linaphwa. Kumwamba cha ku Mazowe kunali kutada bii, ndipo lona wophimbira katundu tinalibe. Mvula ikanatipeza pamenepo, chimanga chija chikananyowa chonse, pamene n'chokhacho chimene tinkadalira, malipiro a bambo atatha.

Tinawakhazika bambo pansi pa mtengo, amalume n'kutulutsa sipanala. Manati anali ofiira ndi dzimbiri, osasuntha n'komwe. Anawathira mafuta a mabuleki, anawamenya ndi hamala, koma ayi ndithu. Kenako analowetsa paipi yaitali ku sipanala, ndipo ine, mtsikana wamakani amene sindinkafuna kugonja kwa mnyamata aliyense, ndinati ndikwerepo. Ndinadumpha kamodzi, kawiri, kachitatu, thyoo! Ndinapezeka ndili m'fumbi, nati ili poteropo pamodzi ndi chidutswa cha bawuti yake.

"Maiwe, zvaramba," anatero amalume m'Chishona, kutanthauza kuti zakanika, atagwira kumutu. "Ikathyoka ina, lole iyi igona pano."

Ndi pamene tinamva mawu a bambo kuchokera pansi pa mtengo paja. "Kodi mukupotokolera mbali iti?"

Ine bondo likuwawa, manyazi atandigwira, ndinayankha ndisanaganize. "Ababa, inu khalani. Simukuona."

Mayi anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Bambo anaimirira, anatambasula dzanja, mayi n'kuwatsogolera mpaka pa tayala. Anagwada ndi buluku lawo lakutchalitchi, anapapasa bawuti imodzi, n'kuyendetsa chikhadabo m'mazinga mwake pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa.

"Esinati, bwera kuno," anandiitana. "Iwe maso uli nawo. Pukuta kumutu kwa bawutiyi, undiuze ukuona chiyani."

Ndinapala dzimbiri ndi msomali, ndinapukuta ndi kansanza konyowa ndi mafuta. Panatuluka chilembo chaching'ono, L.

"Basi," anatero bambo. "Alamu, malole awa, mbali ya kumanzere manati ake amamasukira kumene ena amamangira. Nthawi yonseyi mwakhala mukumanga."

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi, akudzitukwana okha. Ankafuna kuyamba pompo, koma bambo anawaletsa. Anati tithirenso mafuta, tidikire alowe, popeza dzimbiri nalo linalipodi. Tinadikira mphepo ikununkha kale mvula, ine mtima uli m'mwamba. Atatero anagogoda nati iliyonse m'mbali mwake, modekha, ngati munthu wogogoda pakhomo pa eni ake. Sipanala anandipatsa ine. Ndinakankhira mbali imene mutu wanga unkakana, nati inalira kwii, n'kuyamba kuyenda.

Titasintha tayala, tinafika ku Chiwaridzo mwapang'onopang'ono chifukwa cha bawuti yothyoka ija. Madontho oyamba anagwa tikulowetsa thumba lachitatu. Bambo anakhala pakhomo la nyumba imene sakanaiona, akununkhiza zala zawo zamafuta, ndipo ndinaona akumwetulira koyamba chichokereni ku ntchito.

Lero ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo chinthu chikakana kumasuka sindithamangira paipi. Ndimayamba ndapukuta, ndaona. Koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chimandipweteka mpaka pano n'chakuti pamsewu paja tinalipo atatu openya, ndipo funso loyenera linachokera kwa munthu amene tinamukhazika pambali. Bambo anatisiya kalekale. Mawu anga aja sanawatchulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine, poganiza kuti nthawi ilipo, sindinapepese.