Madontho a Laimu pa Magalasi a Laibulale

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti tisavutitsane. Ndinabwerera kwathu ku Ngabu ndi sutikesi ndi Chingerezi chambiri, ndipo sekondale ina inandilemba ntchito yopukuta mabuku mu laibulale. Musaupeputse udindo umenewu, fumbi la kwathu silipita kutchuthi.

Laibulaleyo inali yatsopano, magalasi okhaokha mbali yoyang'ana mitengo ya nimu. Mbalame zikaona mitengoyo m'galasi zinkabwera ndi liwiro lonse, phu! pansi. Njiwa, apumbwa, ngakhale namzeze amene ndinkamuyesa wanzeru.

Oyang'anira laibulale anali mayi ena amene anathawa nkhondo ku Mozambiki. Pafupifupi m'mawa uliwonse ankapeza mbalame yakufa pansi pa zenera lawo.

"Awa ndi malodza, mwanawe. Alipo amene sakundifuna pano. Teremu ikatha ndikupita."

"Amayi, mbalame sizinapite kusukulu, galasi sizilidziwa."

"Iwe unapitako, zinakuthandiza chiyani?"

Ndinapitiriza kupukuta mwaulemu. Koma nkhawa inandigwira, poti pasukulu ponse iwo okha ndiwo ankandibwereka mabuku ndi kundikalipira kuti ndidzabwerere kumaphunziro. Ena onse anali atandilekerera mwachikondi.

Kenako kunamveka kuti akuluakulu a Chipani adzayendera sukulu. Masiku amenewo, alendo otere akamabwera, chilichonse chosathawa chinkapakidwa laimu: miyala, mitengo, zitsa. Ahedi anandipatsa ndowa ndi burashi. Miyala itatha, laimu anatsala. Ine ndinali nditaona kale kuti mazenera a kukhitchini, akuda ndi utsi, sanaphepo mbalame. Ndinapaka madontho pa magalasi onse a laibulale, mothinana ngati mawanga a nkhanga.

Ahedi atafika anagwira kumutu.

"Ichi n'chiyani?"

"Zokongoletsa za alendo athu, bwana. Ngati zakunyansani ndifufuta, bola mulamule ndinu."

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wamva, n'kuchoka osalamula kanthu. Tsiku la ulendo, atcheyamani a Chipani anaima patsogolo pa magalasi aja, thukuta lili kamukamu, n'kugwedeza mutu. "Chitukuko," anatero. Kuyambira pamenepo panalibe munthu wolimba mtima woti akhudze dontho ngakhale limodzi.

Mbalame zinkabwerabe ndi liwiro lija, koma zikayandikira zinkakhota. Mphaka wa kukhitchini yekha ndiye anandida.

Teremu itatha ndinawapeza amayi aja akumata chikuto cha dikishonale.

"Amayi, malodza aja ali potani?"

"Nkhabe, kulibe. Asiya."

"Ndiye ndikakusungireni malo m'basi ya ku Nsanje?"

"Ndipite ndisiyire ndani mabukuwa, iwe? Ungawapake laimu. Mvula ikatsuka madonthowo udzapakenso, wamva? Ndipo buku la masamu ili ulimalize mwezi uno, ndidzakufunsa."