Nsomba ya Eni Ake mu Mgolo Mwathu

Madzi a mvula akakhalitsa mu mgolo wachitsulo amakhala ndi fungo lakelake, la dzimbiri losakanikirana ndi ndere. Mpaka lero ndikalimva fungo limenelo ndimapezeka ndili kuseri kwa nyumba yathu ya ku Mtendere, nditakwera pa njerwa, ndikusuzumira m'madzi akuda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkachita lendi zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada, ndipo mgolowo unkakhala pamene madzi a pa malata ankagwera, pakati pa khoma lathu ndi chimbudzi cha onse.

Dzinja limenelo mlongo wanga Mwayi anadwala. Sanali matenda aphokoso ayi. Mwanayo sankatentha thupi, sankatsokomola, anangosiya kuseka basi. Anali atangoleka kuyamwa, ndipo tsitsi lake linayamba kufiira ndi kupyapyala ngati ndevu za chimanga. Masaya anatupa, moti odutsa ankayamikira kuti mwana wanenepa, Amayi n'kungoyang'ana kumbali. Ku sikelo anesi anawauza kuti azimupatsa mazira, nsomba ndi nsinjiro. Kunena sikuvuta. Inali nyengo imene boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo kapenta wa pamsika, tinsomba touma tija, tinkangomupatsa moni podutsa. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pamsewu wa maminibasi, koma mvula ikagwa ogula ankathawa, zitumbuwa n'kubwerera kunyumba zitazizira. Ndiwo zathu zinali chibwabwa, masamba a maungu, lero chothira tomato, mawa chopanda.

Atate anali mlonda pa famu ina kunjira ya ku Chongwe, ndipo kunyumba ankabwera kumapeto kwa mwezi. Pafamupo panali damu lalikulu. Loweruka kunkabwera mabwana a magalimoto, azungu ndi akuda omwe, kudzawedza nsomba ina ya kukamwa kwakukulu imene ankaitcha bulakibasi. Nkhani ya anthu amenewa Atate sankatopa nayo. Ankati munthu amapsa ndi dzuwa tsiku lonse m'kabwato, nyambo yake ya pulasitiki, ndiye akaigwira nsombayo amaiyeza, amajambulitsa nayo akumwetulira, kenako n'kuibweza m'madzi. Ine ndinkawaona ngati anthu achifundo kwambiri. Atate ankapukusa mutu. Bambo awo, amene anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, anawasiyira lamulo limodzi la kuthengo ndi kumadzi: chimene wachilasa uchidye, chimene sudya usachilase. Koma lamulo la pafamu linali lina. Wantchito wopezeka ndi nsomba ya m'damu ankanyamula bulangeti lake tsiku lomwelo.

Kumapeto kwa Disembala Atate anafika masana, matope mpaka m'maondo, atanyamula ndowa yovundikira ndi masamba a maungu. Anatseka chitseko, chinthu chimene sitinkachita masana, n'kuchotsa masambawo. M'katimo munali nsomba yaitali ngati mkono wanga wonse, yobiriwira kumsana, yoyera kumimba, mzere wakuda utadutsa m'mbali. Inali yamoyo. Inatsegula kukamwa pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti chibakera changa chikanalowamo osakhudza milomo.

"Bamake Tisa, ikani manzi pa mbaula," anatero Atate. "Mwana adye lelo."

Amayi sanasunthe pa mpando. "Banakupasani?"

"Banaitaya. Inameza mbeza, badula chabe ntambo, baibweza mu manzi. Naipeza kuseni ku mbali, ilibe mphamvu. Manje niisiye iwole, mwana wanga ali so?"

"Kubweza mu damu yawo si kukupasani imwe. Ni ya bene. Ba gadi bamene banaliko imwe mukalibe kuyamba, banabachosa chifukwa cha chani? Na vakuba sivichilisa mwana. Mulungu aona."

Amayi anali munthu wa mpingo, wa bulauzi yoyera ya Lachinayi, ndipo akanena kuti Mulungu akuona nkhani inkathera pomwepo. Komanso anali ndi mantha enieni. Pa mdadada wathu palibe chimene chinkabisika. Mukakazinga dzira, a nyumba yachitatu ankadziwa kuti lathiridwa anyezi kapena ayi. Nanga nsomba yaiwisi, nyengo yoletsedwa, m'nyumba ya mlonda wa pa damu? Amayi anagamula kuti ikhale mu mgolo mpaka Atate adzabwerenso, adzaibweze kumene anaitenga. Atate anayankha kuti iwo abwera nayo, kubwerera nayo ayi, ndipo kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'mawa mwake anapita osatsanzika bwino. Koma asanatuluke pa mpanda anandikokera pambali n'kundiuza ziwiri: ndisaithire madzi a pa mpopi chifukwa mankhwala ake angaiphe, ndiponso kuti nsomba imeneyi sidya chakufa.

Mutu wa mwana umalumikiza zinthu mwa njira yake. Ndinamva kuti zakuba sizichiritsa, ndipo ndinamaliza ndekha kuti tikaibweza nsombayo yamoyo, Mulungu adzakondwa, Mwayi adzachira. Ikafera m'manja mwathu, ndiye kuti tapha chinthu cha eni ake, ndipo zotsatira zake sindinkafuna n'kuziganiza komwe. Palibe amene anandiuza zimenezi. Koma kuyambira tsiku limenelo moyo wa mlongo wanga unali mu mgolo muja, ndipo woulondera ndinali ine.

Nsombayo ndinaitcha Chikamwa. M'mawa uliwonse ndisanasambe m'maso ndinkathamangira kuseri, mtima uli m'mwamba, n'kusuntha lata limene tinavundikirapo. Poyamba sindinkaona kanthu, nkhope yanga yokha ndi mitambo. Kenako pansi pankagwedezeka mthunzi, ine n'kupuma. Ndikatero ndinkabwerera m'nyumba kukaika dzanja pa chifuwa cha Mwayi, amene ankagona chagada, pakamwa pali yasa. Onse awiri akupuma, tsiku linkayamba.

Chakudya chake ndinkachisaka m'ngalande za m'mbali mwa msewu, mmene madzi a mvula ankaima ndi mapepala a shuga ndi zotsekera mabotolo. Mbululu zinali mbwee. Ndinkazikokolola ndi chitini chobowola, pamodzi ndi tiachule tongomera kumene miyendo, ndipo nyongolotsi ndinkakumba kudzala. Anzanga ankandiseka kuti kwathu tayamba kudya achule. Ndinkawatukwana n'kuthawa, chifukwa chinsinsi chinkandiyabwa pakamwa. Ndikaponya kachule mu mgolo, kankasambira mozungulira kufuna potulukira, timiyendo tikupalasa chitsulo. Kenako madzi ankangoti phwa, kachule kulibe. Masiku oyamba ndinkatseka maso. Pambuyo pake ndinazolowera, ndipo ndinkasankha tonenepa. Ine amene ndinkalira nkhuku ikamaphedwa ndinatha ana a achule a msewu wonse, ndipo mtima sunandigunde ngakhale pang'ono, poti ndinkati ndikupulumutsa moyo.

Amayi ankachita ngati mgolowo kulibe. Madzi ochapira anayamba kukatunga ku mpopi, kutali, osadandaula. Koma kangapo ndinawapeza ataima kuseriko, Mwayi ali kumsana, akuyang'ana lata lija osalitsegula. Mwayi anali atayamba kukana phala. Ankalisunga m'kamwa, kenako n'kulilavula pang'onopang'ono, ndipo kulira kwake kunali kotopa ngati kwa kamwana ka mphaka. Timiyendo take tinatupa n'kuyamba kunyezimira. Ine ndinawonjezera achule.

Pakati pa Januwale mvula inadula. Kumwamba kunayera mbee, matope a m'misewu anauma n'kung'ambika, ndipo malata ankalira ndi kutentha. Madzi a mu mgolo anatsika, anafunda, n'kuyamba kununkha. Ngalande zinauma pamodzi ndi mbululu zake. Ndinkakhala pa njerwa ija maso ali kumwamba, kupempha kamtambo kalikonse kuti kaime pa Mtendere, koma timitambo tonse tinkapitirira kunka ku Kalingalinga. Chikamwa anasiya kudya. Nyongolotsi inkamira pamaso pake iye osaicheukira, ndipo anayamba kukwera pamwamba kudzatsegula kukamwa kuja ngati akufuna kunena kanthu. Ndinkakupiza madziwo ndi mbale kuti azizire. Chakudya sichinkanditsika, ndipo Amayi ankaganiza kuti nanenso ndayamba kudwala.

Tsiku la sikelo ndinawaperekeza, nditanyamula thewera ndi botolo la madzi. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, pakati pa fungo la mankhwala ndi la ana. Itafika nthawi yathu, anesi sanalankhule zambiri. Anagwira phazi la Mwayi n'kudinikiza ndi chala chachikulu. Atachotsa chalacho, dzenje linatsala pomwepo, ngati pa mtanda wa zitumbuwa. Tonse atatu tinaliyang'ana dzenjelo, likukana kubwerera. Anesi anafunsa kuti mwanayu akudya chiyani, ndipo Amayi anayang'ana pansi. Anesiwo anawauza kuti akabweranso ali choncho adzamutumiza ku chipatala chachikulu kukagonekedwa, ndipo anawonjeza motsitsa mawu kuti ena amapita kumeneko mochedwa.

Titafika kwathu Amayi sanalowe m'nyumba. Anamasula Mwayi n'kundipatsa, anapita kuseri, n'kukankha lata lija mpaka linagwa ndi phokoso. Chikamwa anali atagona cham'mbali pamwamba pa madzi, mimba yoyera ikuoneka, akupuma mwa apo ndi apo. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda manja a bulauzi, anamugwira mlomo wam'munsi, n'kumutulutsa. Anamugoneka pa mwala wochapira n'kutola musi.

Ndinakuwa. Ndinawagwira chitenje ndi dzanja limodzi, lina litakumbatira Mwayi. "Amai, osapaya! Mukaipaya na Mwayi azafa!"

Ananditembenukira, maso ali ofiira, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene anazindikira chimene ndinali nditasenza masabata onsewo. Koma nthawi yondinyengerera panalibe. "Tisa, choka. Leta mbale na mpeni."

Anawerama, ndipo ndinawamva akunena chapansipansi kuti, "Pepani." Anamenya kamodzi kokha, pamutu. Mchira unanjenjemera n'kuleka. Ine ndinayang'ana Mwayi, ndikudikira kuti nayenso aleke kupuma. Iye ankangoyamwa chala, akuyang'ana ntchentche.

Poitumbula, mpeni unagunda chitsulo. Mbedza inali pakhosi penipeni, yakuda, itazingidwa ndi mnofu wotupa, kachingwe kakafupi kakulendewera. Achule anga onse ankadutsa pamenepo. Amayi anaichotsa mosamala n'kuiika pa mwala. Kenako anatambasula milomo ija ndi zala, ndipo tinaona timabowo takale, tina topola, tina tong'ambika mpaka kumapeto. Nsomba imeneyi inali itagwidwa ndi kukhululukidwa kambirimbiri.

Sanaikazinge, poopa fungo. Anadula chidutswa n'kuchiwiritsa ndi tomato chitseko chili chotseka, anasankha minga yonse ndi zala, n'kuchipotera m'phala. Mwayi analisunga m'kamwa monga mwa masiku onse. Tinadikira kuti alavule. Anameza, n'kutsegulanso pakamwa. Amayi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, ndipo supuni yachiwiri ndinamupatsa ndine. Yotsalayo anaiwamba pa mbaula ndi moto wochepa mpaka inauma gwaa, anaisinja, n'kumathira pang'onopang'ono m'phala la tsiku lililonse. Zoti fungo libisike zinali maloto. Madzulo omwewo mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene pakamwa pake tinkapaopa kuposa apolisi, anagogoda n'kupereka kambale ka nsinjiro. Anangoti n'za mwana, osafunsa kanthu.

Sindinganame kuti nsomba imodzi inachiritsa Mwayi. Panali nsinjiro zija, panali phala la soya limene a ku kiliniki anayamba kutipatsa, ndipo ngakhale mvula inabwerera, zitumbuwa zinapeza msika pa sukulu. Koma kudya anayambira pa Chikamwa, ndipo ku chipatala chachikulu sanapiteko. Atate atabwera kumapeto kwa mwezi anasuzumira mu mgolo, kenako anayang'ana mwana. Amayi anawatambasula dzanja n'kuikamo mbedza ija. "Mukabapase mabwana banu," anatero. "Banaibala vinthu vawo." Atate anaiika m'thumba la shati, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso. Ntchito anagwirabe zaka zambiri.

Ine ndinakhala masiku osawalankhula bwino Amayi. M'maso mwanga achifundo anali mabwana obweza nsomba m'madzi, ndi ine amene ndinaidyetsa, ndipo wankhanza anali wa musi uja. Pano ndimaona pa foni anthu akupsompsona nsomba zoterozo asanazibweze, ndipo sindiwatukwana, chifukwa ndikudziwa kuti damu lija linali lodzaza kaamba ka lamulo lawolo. Koma ndimakumbukiranso milomo ija. Iwo anaigwira kuti asangalale, ine ndinaisunga m'madzi ofunda, mbedza ili pakhosi, kuti mantha anga achepe. Pa tonse amene tinaigwira, amene anaipepesa anali mmodzi.

Mwayi tsopano amayendetsa minibasi ya ku tauni, ndi chimunthu chodzaza mpando, ndipo nsomba sadya, ati minga imamutopetsa. Chaka chatha, Amayi akusankha nyemba pakhonde, ndinawakumbutsa za mgolo uja. Ndinawauza kuti Atate ankanena zoona, nsombayo inali yotayidwa kale, sikunali kuba. Ndinkafuna kuwapeputsa mtima. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Inali ya bene," anatero, akutaya kamwala. "Koma mwana anali wanga."