Aphunzitsi Okana Kutchula Mfunda

Aneba athu kuno ku Silicon Oasis, m'dziko la Aluya, ndi a ku India, mwana wa wosoka nsapato, bambo wa madokotala awiri. Amavala tayi ngakhale pokataya zinyalala.

Atathandiza mdzukulu wanga Lumbani kukhoza masamu, ndinawafunsa mfunda wawo kuti ndiwathokoze mwaulemu. Nkhope yawo inagwa.

"Agogo, funso limenelo linkandimanitsa ntchito kwathu," anatero. "Akangomva dzina, ankadziwa kuti ndine Mdaliti, mtundu umene amaunyoza. Ndinaphunzitsako ku koleji ya boma chifukwa lamulo limatisungira malo."

"Kwathu mfunda ndi wothokozera, osati wosankhira anthu," ndinawauza. "Yalla, tiyeni, tchulani!"

Anangoseka. Mpaka lero sanatchule, ndipo zikomo wawo ndikumusungabe. Za mdzukulu wanga sindingathokoze mwachisawawa ayi.