Msilikali munali inu, Azakhali

Azakhali, lero foni yanu yalira. Ndi mtsikana wofufuza za umoyo wa asilikali opuma, akufuna Sajeni Banda. Akuti tsopano alemba ntchito akazi kuti azifunsa akazi anzawo. Ndakumbuka ofufuza aja a mataye atabwera kwathu ku Railways. Anachitira sawatcha amuna anu, munthu wa njanji woopa ngakhale tambala, n'kumawafunsa za msana. Inu, mwini msana wovulala ku usilikali, munati, "Lembani bwino, awa nkhondo yawo inali ya mabawuti." Tinaseka, iwo anapita osakufunsani kanthu.

Ndamuuza mtsikanayo kuti tinakuikani m'manda mwezi watha. Wapempha kuti ndimuuze ineyo mmene msanawo unkakupwetekerani. Azakhali, sindikudziwa. Ndi digiri yanga yonseyi, nanenso sindinakufunsenipo.