Bambo Aang'ono ndi Malamba a Shuga

Esinati ndiye anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa, ndili pamzere wa madzi kumjigo. "Sisi, baba atisiya." Ndinatula chigubu n'kukhala pansi. Chimene chinabwera m'maso mwanga si maliro ayi, koma bwalo lamchenga la pafamu ya ku Banket kumene tinakulira, ndi hatchi yofiirira dzina lake Shuga.

Bambo ake a Esinati, a Laisoni, anali mng'ono wawo wa bambo anga. Bambo ankagwira ntchito kukhola la mahatchi, pomwe a Laisoni anali munthu wa ng'ombe zapagoli. Famu itawonjezera mathirakitala, ng'ombe zinagulitsidwa. Pafamu ntchito ikatha, nyumba ya m'komboni yathanso, ndipo mayi aang'ono anali ndi pakati pa Esinati yemweyu. Bambo anakawapemphera kwa bwana kuti awayese kumahatchi.

Hatchi yaing'ono saikwera msanga. Amaimanga chingwe chachitali, munthu n'kuima pakati pa bwalo, iyo n'kumamuzungulira. Ikazolowera amaiveka malamba awiri, ochokera pachitsulo cha m'kamwa kukafika pa lamba wa pamimba, kuti iphunzire kupinda khosi ndi kulimbitsa msana. Ine ndinkaziona popereka mahewu masana. Mpaka lero fungo la thukuta la hatchi ndi la chikopa chopaka mafuta ndikalimva, mtima umabwerera komweko.

Tsiku lina bwana ali ku Harare, bambo anawasiya a Laisoni ndi Shuga. Iwo ataona malamba akulendewera anapukusa mutu. "Zingwe zoyanikapo zovala izi? Ng'ombe ine ndimaigonjetsa tsiku loyamba." Anakoka malamba aja mpaka bowo lomaliza. Chibwano cha Shuga chinakakhudza pachifuwa. Inayenda pang'ono, inaima, maso ali tong'o, kenako inaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kugwa chagada. Fumbi litatha tinaona magazi m'mbali mwa kamwa.

Bambo anafika akuthamanga. "Laisoni, uyu si Bantomu, ng'ombe yako ija. Ng'ombe ukaipanikiza imagona pansi, hatchi imapita kumwamba."

Bwana atabwera anayang'ana bala lija nthawi yaitali. Anati mvula yoyamba ikagwa Shuga asanavomere malamba, a Laisoni alongedze. Madzulo ake mayi aang'ono anayamba kumanga mapoto m'nsalu. Amayi anga anamasula mfundoyo, anawagwira dzanja, onse anagwada.

A Laisoni anayambiranso poyambira, popanda lamba aliyense. M'mawa ankatsuka kamwa la Shuga ndi madzi amchere, kenako kubwalo. Vuto linali lakuti munthu wa ng'ombe anazolowera mzere wowongoka. Kuzungulira kuja kunkawachititsa chizungulire, amatuluka m'bwalo akudzandira, moti amayi a m'komboni ankawanena kuti, "Taonani woledzera wosagula mowa." Iwo ankangoseka. Pofuna kuti asakuwe monga ankakuwira ng'ombe, anayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, Shuga n'kumatembenuzira khutu limodzi kwa iwo.

Bala litapola anabwezera malamba, olendewera ngati poyamba paja. Amafupikitsa bowo limodzi, n'kudikira masiku, akaona hatchi yaumitsa khosi n'kubwezanso. Apo n'kuti mitambo itayamba kusonkhana. Famu yonse inkapempherera mvula ya fodya, ife pakhomo pathu tikupempha kuti iyambe yadikira. Amayi ankati, "Kaya Ambuye amva za ndani."

Anamva za tonse. Tsiku limene madontho oyamba anagwa, bwana anatsamira mpanda chipewa chikunyowa. Shuga inkazungulira mopepuka, khosi italipinda yokha, malamba akugwedera osakoka kanthu. Bwana anangouza a Laisoni kuti, "Mawa uyambe kuphunzitsa hatchi yotuwa ija," n'kumapita. Esinati anabadwira m'nyumba yomwe ija.

Lero famuyo inagawidwa minda, mahatchi anapita kalekale, ndipo a Laisoni anakalamba akulima maricho, ndiye kuti ganyu, m'minda ya eni atsopano. Nditawayendera chaka chatha ndinapeza atadzala tomato ndi repu pamene panali bwalo, poti manyowa a mahatchi anakometsa nthaka. Dimbalo n'lozungulirabe. Ndinawafunsa ngati malamba aja anali abwino kapena oipa. Anati, "Mwanawe, amakoma hatchi ikaiwala kuti yawavala. Ikamawakumbukira, ndiye kuti iwe amene wamanga ndiwe wolakwa."

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo. Tiwaika m'manda Lachisanu. Inu amene mwawerenga, mukamagwada muwakumbukire Esinati ndi abale ake, makamaka mayi aang'ono. Nyumba ija tsopano ili m'munda wa munthu wina, ndipo ndamva kuti ayambanso kumanga mapoto m'nsalu.