Gresham Anajambula Chigoli Ali Kunja kwa Chingwe

Inu amene anthu anakudyani n'kukutayani ngati khoko la nthochi, imvani za Gresham.

Tsiku limene anabwerera ku bwalo la mpira pa Nkhata Bay ali ndi mwendo umodzi, a Lawrence, wapampando wa timu yake, anamuimitsa pa chingwe chotchinga oonerera.

"Ada, bwana wanga, ndi ine Gresham. Ndakugoletserani zigoli zaka zisanu ndi chimodzi."

"Tikukudziwa. Koma ndodo zakozo zitivulazira osewera. Kaonere kunja."

Nkhanza zake! Minibasi itagubuduzika naye pa msewu wa ku Mzuzu, palibe wa m'komiti ngakhale mmodzi amene anaponda kuchipatala. Anthu omwewo ankamunyamula m'mapewa akagoletsa. Gresham anabwerera kwawo ku Chikale mtima ukuwira, ndipo analumbira kuti mpira sadzamulanda, zivute zitani.

Anapita kwa a Yakobe, wojambula wakale wa paboma amene maso anali atayamba kuwavuta. Anamubwereka kamera ya lenzi yaitali, yotha kujambula munthu akuthamanga. Koma ali kunja kwa chingwe, osewera ankaonekabe ngati nyerere. Ojambula ochokera ku Mzuzu ankathamanga m'mbali mwa bwalo, iye ali chikhalire pachulu kuseri kwa oonerera.

Anagulitsa nsapato zake zampira, n'kutuma dalaivala wa thiraki kuti amugulire telekonivata yogwiritsidwapo kale. Ndi kagalasi komangirira pakati pa kamera ndi lenzi, ndipo chinthu chakutali kamachikoka n'kuchikulitsa kawiri.

Musaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Kagalasiko kamadya kuwala, ndiye kukachita mitambo zithunzi zimatuluka zachimbuuzi. Kamapanikizanso malo oonekera, moti wosewera akangokhota, wasowa. Miyezi itatu Gresham ankajambula udzu, zigongono, ndi theka la refu.

"Ngati n'zimenezi, bweza kamera yanga," anatero a Yakobe. "Udzu ndimauona ndekha."

Gresham sanabweze. M'mawa uliwonse ankakhala pa depoti, kamera ataitsamiritsa pa ndodo yake kuti isanjenjemere, n'kumajambula oitanira minibasi akulimbirana anthu. Mkwiyo ndi umene unkamudzutsa.

Atapempha ntchito, mkonzi wa nyuzipepala ina anamuyankha mwachidule pa foni: "Munditumizire chithunzi chimodzi chakuthwa cha fainolo ya Loweruka. Chikakhala bwino, ntchito ndi yanu. Chikapanda kutero, musandiimbirenso."

Loweruka kunachita mitambo. A Lawrence anamukanizanso kulowa, ulendo uno osamuyang'ana n'komwe. Mpira unayandikira kumapeto popanda chigoli, kuwala kukuchepa, ndipo pa zonse zimene anajambula panalibe choti n'kutumiza. Kenako timu yake yakale inapeza kona.

Ojambula onse analozetsa makamera kwa womenya kona. Gresham anausiya mpirawo. Zaka zisanu ndi chimodzi ankadikira makona a munthu yemweyo, ndipo ankadziwa kuti amagwera pa mtengo wakutali wa golo. Analozetsa lenzi pamalo opanda munthu, n'kusiya kupuma.

Mutu unatulukira pomwepo. Anadina kamodzi, mpira n'kugwedeza ukonde.

Chithunzicho chinali ndi zonse: mpira ukuchoka pamphumi, thukuta likuwazika, goloboyi atayasama kukamwa. Atachitumiza, mkonzi anamuyankha anthu asanabalalike: "Lolemba muyambe."

Nkhani inathamanga. A Lawrence, chikho chili m'manja, mano onse pamtunda, anayamba kukuwa ali pakati pa bwalo.

"Gresham, mwana wathu! Lowa, udzatijambule ndi chikho!"

Mwana wathu! Lero? Gresham sanasunthe pachulu paja.

"Imani pompo, Ada," anakuwa, anthu onse akumva. "Munandiphunzitsa nokha kujambula anthu ali kutali."

Anajambula osewera okhaokha.

Tsono inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musakwiye. Akakuchitani chipongwe, kwiyani ndithu! Koma mkwiyowo musauthere kumowa kapena kutukwana pa msika. Upatseni ntchito, uzikudzutsani m'mawa. Chimene munaphunzira musanagwe palibe angakulandeni. Osataya mtima, ndipo osapempha malo kwa anthu amene anakuthamangitsani.