Telala amene tinamuchotsa m'mbiri

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, buluku langa linamasuka misoko yonse ndili pakati pa msika. Silinang'ambike iyayi. Ulusi unangosololoka wokha n'kudzikulunga pansi bwinobwino ngati wa m'sitolo. Ndikulumbira. Amayi ogulitsa usipa ndi mboni.

Nkhani yake ndi iyi. Loweruka kukubwera alendo a chipani, ndiye a tcheyamani a nthambi yathu anandituma, poti ndine mphunzitsi, ndilembe mbiri ya pamsika pathu pano kuti ndikawerenge pamsonkhano.

Woyamba kukhala pano tonse timamudziwa. Anali Che Bwanali, telala, amene anabwera wapansi atasenza makina pamutu, n'kuwatula pansi pa mlambe kuli tchire lokhalokha. Alimi a thonje anamutsatira, kenako sitolo, mzikiti, tchalitchi. Manda ake ali pomwepo. Mpaka lero wodutsa pamlambepo, Msilamu kaya Mkhristu, amakoleka kaulusi pa msomali umene telalayo anakhoma.

"Aphunzitsi," anatero a tcheyamani, "alendo akamve kuti tinayambira kwa telala? Lembani agogo anga."

"Agogo anu si aja anabwera kudzasoketsa malaya?"

"Ntchito yanuyi mumaikonda, aphunzitsi?"

Lolemba ndinalemba agogo awo. Inu mukanatani?

Lachitatu ndinapeza mabatani onse a jekete langa atadzindandalika pa tebulo, lalikulu patsogolo. Lachinayi masana mkazi wanga anamva makina akulira kumlambe, pomwe pano palibe telala kuyambira chaka chatha. Nditatsegula kabati, pepala la mbiri lija linali litapindidwa n'kusokedwa pamzere penipeni pa dzina la agogo aja. Msoko wowongoka, woti atelala a masiku ano sangauthe. Sindikuwonjezera ngakhale pang'ono.

Masiku ano katauni kalikonse kakufuna kumveka kuti kanayambitsidwa ndi munthu wa chipewa ndi ndodo. Wosula makasu, mayi wophika mchere, munthu amene anayamba kugwetsa mtengo mikango ikulira, tikuwafufuta chifukwa dzina lawo silikoma pamaso pa alendo. Tikuganiza kuti sakumva?

M'mawa uno a tcheyamani anandigogodera atafunda chitenje cha akazi awo, nsalu yokhayo yopanda msoko m'nyumba mwawo. Sanakhale pansi.

"Aphunzitsi, dzina la telala uja limalembedwa bwanji?"

Nanga kwanuko munachotsa ndani? Tagwirani msoko wa chovala chanucho muone.